Wolowerera Amene Sanachoke Pakhomo

Mumsewu wonse uja munalibe munthu wokhazikika ngati bambo wokonza masofa wa panyumba ya geti yobiriwira, koma ndi yemweyo amene anthu ankamutchula kuti Wolowerera. Dzikoli silidziwa kugawa mayina, abale. Munthu anabadwira m'chipinda chakumbuyo cha nyumba imeneyo, sukulu anaphunzira yongowoloka msewu, ntchito anaiphunzira kwa bambo ake pansi pa shedi ya malata ya pabwalo pomwepo, ndipo atakwatira, mkazi anabwera naye m'nyumba momwemo. Mowa sankaudziwa ndi fungo lomwe. Ukamufuna sunkachita kufunsa. Unkangotsatira kulira kwa hamala n'kumupeza atawerama pa sofa yong'ambika mimba, timisomali tili kukamwa, siponji yakale ili mbwee pansi, akukoka nsalu kuti isachite makwinya pangodya. Amene analowereradi anali achimwene ake aakulu, omwe atangomaliza sukulu anakwera basi kupita kumzinda wakutali, n'kumangomveka pafoni chaka chikamatha. Koma iwo dzina lawo linali labwinobwino.

Dzinalo linachokera m'filimu. Kalelo, tsitsi likadali m'mutu, achinyamata a kutchalitchi kwawo anaganiza zopanga filimu ya fanizo la mwana wolowerera, koma yochitika masiku ano, yoseketsa, kuti anthu aziseka kaye, uthenga uziwalowa asakudziwa. Woyimbitsa kwaya anabwereka kamera kwa munthu wojambula maukwati n'kudzipatsa yekha udindo wa Dayirekita, ndipo mpaka lero amavomera dzina lomwelo. M'filimumo tate anali ndi maminibasi awiri. Mwana wamng'ono anakakamira imodzi, anavala magalasi akuda, n'kutsetsereka nayo kutawuni atadzaza anzake a mowa. Kumeneko anagulitsa wailesi ya m'galimoto, kenako mipando, kenako matayala limodzilimodzi, mpaka anatsala ndi chiwongolero chokha m'manja, akuyenda nacho wapansi. Mapeto ake anakalembedwa ntchito yodyetsa nkhumba.

Mnyamata wa masofa sanamusankhe kukhala mwana wolowererayo chifukwa cha luso ayi. Anali wowonda kale, moti njala sankachita kuiyerekeza, komanso ndi yekhayo amene anavomera kulowa m'khola lenileni. Katswiri wa filimu yonseyo anali nkhumba. Pamene iye ankatola chitsa cha kabichi kuti adye, monga a Dayirekita anamuuzira, nkhumba yaikazi inakwiya zenizeni, inamugwira thalauza n'kumugwetsa chagada m'matope. Tsiku loonetsa filimuyo mu holo ya tchalitchi anthu anaseka mpaka ena kutuluka panja atagwira nthiti. Koma pofika kumapeto, mnyamatayo akubwerera kwawo wapansi, tate wake wa m'filimu n'kumuthamangira silipasi imodzi itavuka, holo yonse inangoti zii, ndipo azimayi akuluakulu ankapukuta misozi ndi nsonga za mipango yawo.

Amayi ake enieni ananyada osati masewera. Anagula chimbale chawochawo cha filimuyo, ndipo mlendo aliyense, ngakhale wodzangopempha machesi, ankakhazikidwa pansi kuti aone kaye mwana wawo akulimbana ndi nkhumba. Zaka zinapita. Bambo ake anamwalira, shedi inatsala m'manja mwake, ana ake anakula n'kupita kwawokwawo, tsitsi nalo linatsanzika. Filimu ija anthu anaiiwala. Dzina lokha ndi limene linamumatirira, ndipo iye sankadandaula nalo chifukwa makasitomala ankamupeza mosavuta.

Tsoka silinunkha. Amayi aja atakalamba anayamba kuiwalaiwala. Poyamba zinali zosekerana: makiyi kupezeka m'firiji, ketulo kuuma pamoto, mkazi wa mwana wawo kumuitana dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Kenako anayamba kusochera m'nyumba momwemo, kufunsa njira ya kubafa. Adokotala anafotokoza kuti ubongo ukutha pang'onopang'ono, mankhwala ochiritsa kulibe, chofunika n'kuwaikira pafupi zinthu zimene amazidziwa kale. Chimene chinkawakhazika mtima pansi chinali filimu ija. Choncho m'mawa uliwonse, akawasambitsa n'kuwakhazika pampando wawo pabalaza, ankawaikira chimbale chawo, iye n'kupita kushedi, mkazi wake n'kukhala pamakina pakhonde kusoka makava a makushoni.

Koma chimbalecho nacho chinali nkhalamba. Chinali chitakandikakandika, ndipo tsiku lina chinangoima pakati, pakhola la nkhumba pomwepo. Pakanemapo panatsala iye ali chagada m'matope, kukamwa kuli yasa, chitsa cha kabichi chili m'manja, nkhumba ikumuyang'ana. Ankachitulutsa, kuchipukuta pamalaya, kuchibwezera. Chinkayamba bwinobwino kuchokera pachiyambi, n'kudzaimanso pamalo omwewo. Mkazi wake anaseka kuti nkhumba ija yakana kumumasula. Iyenso anaseka. Akanadziwa, akanachiphwanya tsiku lomwelo, chifukwa kuyambira pamenepo amayi aja tsiku ndi tsiku ankaona mwana wawo akulanda galimoto, kumwaza chuma ndi kugwa m'matope, osamuonako akubwerera.

M'mawa wina iye anawapititsira amayi ake phala kuchipinda monga mwa masiku onse. Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anakankhira chikwama chawo pansi pa pilo, n'kutembenukira kukhoma.

"Wadzatenga chiyaninso? Minibasi ija sinakukwane?"

Iye anaseka, poganiza kuti nthabwala zawo zakale zabwerera. Koma amayi sankaseka. Anamuuza mofatsa, mawu osanjenjemera n'komwe, kuti iye ndi amene anapha bambo ake ndi chisoni, kuti chuma chonse cha pakhomopo anakachithera kutawuni ndi akazi a milomo yofiira, ndipo akanakhala munthu wamanyazi sakanapondanso pamenepo. Minibasi yake iti, anthuni? Banja limenelo chiyambire silinakhalepo ndi galimoto. Chinthu chokhacho cha tayala chimene bambo ake anasiya chinali wilibala. Ndipo anamwalira ndi shuga, mutu uli pamwendo pa mwana yemweyu, m'galimoto ya aneba popita kuchipatala.

Bola akanamuiwala. Ambiri odwala matendawa amaiwala ana awo, n'kumawafunsa kuti ndinu ndani, ndipo zimapweteka, koma munthu umazimvetsa. Awa sanamuiwale ayi. Ankamudziwa bwinobwino, mpaka chipsera cha pachibwano ankakumbuka kuti anagwa mumtengo wa mango. Kungoti ankamudziwa kuti ndi wakuba. Chakudya chochokera m'manja mwake ankachikana, mankhwala ankawalavula, mpaka mkazi wake asiye makina adzawamwetse. Ikafika nthawi yowanyamula kupita nawo kubafa, poti miyendo inali itayamba kukana ndipo mkazi wake yekha sakanatha, ankalola kunyamulidwa koma nkhope atayang'anitsa kumbali, milomo ataifumbata. Azimayi a kutchalitchi akabwera kudzawazonda ankawafotokozera nkhani yonse mwatsatanetsatane, iye ali pashedi pomwepo akumvera pawindo. Za mwana wamkulu zinali zotamanda zokhazokha: ameneyo ndiye mwana, sanachokepo pakhomo, panopa ali kugalaja akuyang'anira ntchito za bambo ake, n'chifukwa chake simukumuona.

Zinkamuwawa, tisaname. Ntchito ankagwirabe, poti sofa ya munthu sidikira kuti mtima wako upole. Ankazula nsalu zakale, kumanga masipuling'i othyoka, kudula siponji ndi mpeni wa buledi monga anamuphunzitsira bambo ake. Makasitomala akale akamuponyera nthabwala yoti nkhumba ija ikupereka moni, ankangoonetsa mano. Kuthokozedwa sankakufuna, analeka kalekale kukuyembekezera. Ankangofuna chinthu chimodzi: amayi ake asapite kumanda akumuyesa wakuba.

Anayamba ndi kufotokoza. Anawaonetsa zithunzi za ukwati wake umene unachitikira pabwalo pomwepo, anaitana aneba akalekale kuti achitire umboni, anabwera ndi abusa. Amayi ankamvetsera mwaulemu, kugwedeza mutu, ndipo alendo akangotuluka ankanong'oneza mpongozi wawo kuti anthu onsewo anawagulira mowa, ndi abusa omwe. Anayesa kubisa chimbale. Amayi analira tsiku lonse kuti awabisira mwana wawo, chakudya osachikhudza, ndipo nkhani ya minibasi sinasunthe m'mutu ngakhale pang'ono. Madzulo ake anangochibwezera.

Ndiye anaganiza kuti mankhwala ake ndi mapeto a filimuyo. Ngati filimu ndi imene inawauza kuti anapita, filimu yomweyo iwauze kuti anabwerera ndipo anakhululukidwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chimbale chija anachipaka mankhwala otsukira mano, anachipaka mafuta odzola, anachitsuka ndi sopo, zonse zimene anthu amalangizana. Wokonza mawailesi wa pamsika anachiyang'ana padzuwa n'kunena kuti balalo lafika pafupa. Anayenda nyumba ndi nyumba kwa anzake amene anasewera nawo. Wina anati chake anabwereketsa, sichinabwerere. Wina anachimangirira m'dimba kuti chizithamangitsa mbalame. Kutchalitchi anapeza bokosi lake m'kabati ya mabuku a nyimbo, chithunzi chake chili pamwamba atavala magalasi akuda. Koma atatsegula munali chimbale cha ukwati wa anthu osawadziwa n'komwe.

A Dayirekita anawapeza pabwalo lophunzitsira kuyendetsa galimoto, poti masiku ano ndiyo ntchito yawo, akuyang'anira mayi wina amene ankalimbana ndi livesi pakati pa migolo. Atamva nkhaniyo anagwira pakamwa. Kenako anavomera kuti matepi oyambirira ananyowa chaka chimene denga lawo linasasuka, ndipo kompyuta ya wojambula maukwati uja inafa kalekale limodzi ndi zonse zinali m'mimba mwake. Koma maso awo anali atayamba kale kuwala. Anati palibe vuto, ajambulanso, ndipo ulendo uno pakhale kandege kojambulira m'mwamba. Tate wakale uja anamwalira koma wina apezeka, nkhumba ndiye sizisowa, iye angofunika wigi ndi kuchepetsako mimba, ndipo ikangodutsa mvula ikubwerayi ayamba. Wolowerera anawasiya akulankhulabe, mayi uja atagunda mgolo.

Anaimbira achimwene ake. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, anati nkhalamba ndi choncho, usazitengere kumtima, uzingovomera zilizonse zimene akunena. Iye anawapempha kuti abwere, mwina amayi akawaona akulowa pageti ndi chikwama cha paulendo adzakumbuka amene anali kutali. Iwo anati kuntchito kwathina, koma aona mwezi wamawa. Atawapatsira amayi foniyo, nkhope yawo inawala ngati ya mtsikana, ndipo anachenjeza mwana wawo wamkulu kuti azikhoma kugalaja chifukwa mng'ono wake wayambanso kuzungulirazungulira pakhomo. Achimwene aja anayankha kuti asadandaule, azikhoma. Iye anamva zonse, poti foniyo ndi iye amene anaigwirizira kukhutu kwa amayi.

Amene anabwera ndi nzeru yotsala anali mkazi wake. Analankhula maso ali pasingano, akulowetsa ulusi. Anati ngati mapeto sakupezeka, awachite yekha: atuluke, abwerere, agwade, apepese. Wolowerera anapsa mtima kuposa kale lonse. Apepese chiyani? Moyo wake wonse unathera pakhomo limenelo. Ntchito ya kufakitale ya mipando kumzinda wina anaikana chifukwa bambo anali atayamba kudwala. Zofunda za amayi zikanyowa amachapa ndi iye, anthu asanayambe kudutsa. Ndiye lero agwade, avomere ndi pakamwa pake kuti ndi wakuba? Mkazi wake sanatsutse chilichonse. Anangomufunsa kuti kodi akufuna kupambana mlandu kapena akufuna amayi ake. Iye anangodzuka. Anabwerera kushedi, ndipo tsiku limenelo misomali yonse inkalowa chopindika.

Anakana kwa nthawi ndithu. Kenako amayi anagwa podzuka pampando, ndipo kuchokera pamenepo sanachokenso pabedi. Kudya kunachepa, mawu anachepa, filimu yomwe analeka kuifunsa. Chimene sanaleke n'kutembenukira kukhoma iye akalowa. Adokotala atawaona ananena mosazungulira kuti amene ali kutali auzidwe. Achimwene aja anauzidwa, ndipo anayankha kuti akuyesetsa kupempha tchuthi.

Linali tsiku ladzuwa, masana, pamene anavula epuloni n'kutuluka pageti. Anayenda mpaka pamphambano pamene pali golosale, n'kuima. Sankadziwa kuti munthu wochokera kutali amayenera kuchedwa motani. Wa golosale anamufunsa ngati akudikira katundu, iye anangopukusa mutu. Anawerama ngati akumanga nsapato, anatapa fumbi n'kudzipaka pathalauza ndi m'mikono, bambo wamkulu wadazi, anthu akudutsa. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Kenako anabwerera pang'onopang'ono n'kukagogoda pachitseko cha nyumba yake yomwe.

Mkazi wake anatsegula osamuyang'ana kumaso, n'kukauza amayi kuti mwana wawo wamng'ono wabwerako kumene anapita kuja. Iye analowa n'kugwada pambali pa bedi, mawondo akulira. Mawu a m'filimu aja anali atawabwereza dzulo lake pashedi, oseketsa, onena za fungo la nkhumba, koma onse anathawa.

"Amayi, ndabwera. Ndinalakwa. Galimoto ija ndinatenga ndine, ndinaiwononga ndine. Bambo ndinawapweteka mtima. Ndikhululukireni, amayi."

Ankaganiza kuti mawuwo amutsamwa. Sanamutsamwe. Anatuluka mosavuta, ndipo misozi inatsatira yeniyeni, moti kwa kanthawi iye mwini anamva ngati anachitadi zonsezo, ndipo ankafuna kukhululukidwa ndi mtima wake wonse.

Amayi anatembenuka. Panali patapita miyezi yambiri asanamuyang'anepo m'maso, koma apa anamuyang'ana. Anatulutsa dzanja m'bulangete, lopepuka ngati pepala, n'kuliika padazi pake. Anamusansa fumbi la pamkono. Anamufunsa ngati wadya, ndipo anadandaula kuti wawonda, iye ndi mimba yakeyo. Mkazi wake, ali chiimire pakhomo, anatseka pakamwa ndi kava ya kushoni imene inali m'manja mwake. Wolowerera mumtima anati zatheka.

Kenako dzanja lija linachoka.

"Wachita bwino kubwera. Koma mlandu uwu si wanga. Galimoto inali ya abambo ako, okhululuka ndi iwowo. Ine ndikulowetse bwanji iwo kulibe? Kakhale panja, uwadikire aweruke kuntchito."

Anatsegula pakamwa kuti anene kuti bambo anamwalira, koma anadziwa chimene chikanatsatira. Amayi akanalira maliro atsopano, n'kukumbukanso amene anawapha. Anayang'ana mkazi wake. Mkazi wake analibe nzeru ina. Anadzuka mogwirira bedi, anatuluka, n'kukakhala pasitepe ya pakhonde, fumbi likadali pathalauza. Kasitomala wina anafika pageti kudzafunsa za mipando yake, anamuona nkhope, n'kubwerera.

Dzuwa linapendeka. Anthu oweruka kuntchito anayamba kudutsa mumsewu, ndipo iye ankayang'anitsitsa aliyense wokhota pamphambano paja, osadziwa n'komwe kuti akutero. M'nyumbamo munamveka mawu a amayi, ofooka, akumuitana dzina lake la paubwana, mofatsa, mmene ankamuitanira kale.

"Abambo ako afika?"

"Sanafike, amayi," anayankha. "Ndikuwadikira."